Tisanagule galimoto yaing'ono ya kaunjika, tiwerengere msewu ndi thumba



Aliyense amene amaima m'mbali mwa msewu wa Zalewa, kaya pa Lirangwe kaya pa Lunzu, amaziona galimoto zing'onozing'ono zikudutsa, zina zisanaikidwe n'komwe nambala ya kuno. Zina zatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pa Songwe. Zina zachokera ku Durban, kudzera ku Tete, n'kulowa pa Mwanza. Njira ziwirizi zimakumana pa Zalewa, kotero galimoto yopita mu mzinda wa Blantyre imadutsa pakhomo pathu penipeni. N'zosadabwitsa tsono kuti mnyamata amene wayamba kumene ntchito, kapena amene wabwera ndi kangachepe kuchokera ku Joni, amayamba kulota za tsiku limene adzagwire chiwongolero chakechake.

Chilakolako chimenechi si choipa. Amene anayamba wathamangapo usiku kufunafuna chotengera wodwala kuchokera ku Chikuli kupita ku Mlambe kapena ku Queens akudziwa kufunika kwa galimoto pamudzi. Amene anaonapo mayi woyembekezera atakwera kabaza wa njinga yamoto mvula ili pamsana sanganene kuti galimoto n'chinthu chongonyadira. Komanso galimoto yaing'ono ya zitseko zinayi ndi buti kumbuyo simwa mafuta ambiri, ndiye kwa banja lopeza pang'ono imaoneka yoyenera. Komabe maganizo athu sabata ino ndi akuti mtengo wa galimoto suthera pa tsiku logula. Munthu amene wakhuthula thumba lonse tsiku limenelo amakhala atadzigulira ngongole yoyenda pa matayala anayi.

Tiyambe taidziwa galimotoyo

Mitundu imene timaiona kawirikawiri ndi monga Toyota Platz, imene inkapangidwa kuyambira 1999 mpaka 2005. Toyota Belta, imene inalowa m'malo mwake kuyambira 2005 mpaka 2012. Nissan Tiida Latio ya pakati pa 2004 ndi 2012. Ndi Honda Fit Aria ya pakati pa 2002 ndi 2009. Zaka zimenezi zikutiuza chinthu chofunika: ngakhale Belta imene ikuwala ngati yatsopano yapitirira kale zaka 12 chiipangireni. Ku Japan lamulo limakakamiza eni galimoto kukaziyezetsa zikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyezetsako n'kodula. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene anthu a kumeneko amagulitsira galimoto zikadali zolimba, ndipo popeza chiwongolero chake chili kumanja monga kuno kwathu, zimapeza msika msanga.

Galimoto zimenezi anazipangira misewu ya phula ndiponso anthu asanu, woyendetsa ali momwemo. Belta ina ili ndi injini ya 996cc ya masilinda atatu, ina ya malita 1.3. Kulemera kwake n'pafupifupi tani imodzi, ndipo mimba yake imatalikira pansi ndi masentimita pafupifupi 15 okha. Pa phula la ku Chileka kapena la ku Zalewa zimenezi si vuto. Koma ambiri mwa ife sitikhala m'mbali mwa phula. Tikapatuka kulowera kumidzi ya kwa Kuntaja kapena kwa Kunthembwe, kapena tikasiya msewu waukulu pa Lirangwe kulunjika kumudzi, timakumana ndi miyala, mchenga ndi zigwembe zokumbika ndi madzi a dzinja. Mwala umodzi ukhoza kuboola sampu, oyilo n'kutayika yense, injini n'kupsa woyendetsa asanazindikire. Mashoko ndi timphira ta kumiyendo sizichedwa kutha. Choncho funso loyamba lisakhale la mtundu wa penti. Tidzifunse kuti galimotoyi idzagona kuti, nanga m'mawa uliwonse idzayenda msewu uti, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi.

Thumba

Mtengo umene timauona pa intaneti, pa masamba a makampani ogulitsa galimoto a ku Japan, nthawi zambiri umathera pa doko. Patsogolo pake pali ndalama yochotsera galimoto padokopo, yolipira woiyendetsa kapena thiraki yoinyamula kufika kuno, yolipira wothandiza kuiombola pa chipata, ndiponso msonkho wa MRA, umene umatengera chaka chimene galimoto inapangidwa ndi kukula kwa injini yake. Kenaka pamabwera kulembetsa ku Road Traffic, nambala, inshulansi ndi COF. Wogula amene sanafunsiretu za msonkho asanatumize ndalama akhoza kuona galimoto yake itaima miyezi, ikudikira kuomboledwa, kwinaku ndalama yosungira ikukwera. Safunsa anadya phula.

Tisaiwalenso kuti galimoto imadya ndalama zakunja moyo wake wonse. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Tayala, batire, oyilo ndi sipeya iliyonse imene timagula ku Ndirande kapena ku Limbe inachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa zonsezi zimakwera, pamene malipiro a mphunzitsi kapena phindu la wogulitsa tomato sizikwera chimodzimodzi. Tikukumbukiranso mizere ya mafuta ya mu 2022 ndi ya kumapeto kwa 2024, pamene anthu ankagona pamalo omwetsera mafuta. Amene ankadalira galimoto kuti abweze ngongole, masiku amenewo ngongoleyo siinaime nawo pamzere. Inapitirira kubereka chiwongoladzanja.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Galimoto zambiri zing'onozing'ono za zaka zimenezi zili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, imene imafuna oyilo wakewake. Munthu akathiramo oyilo wa giyabokosi ya otomatiki wamba pofuna kupulumutsa ndalama, giyabokosiyo imaonongeka, ndipo kugula ina kumadya gawo lalikulu la mtengo wa galimoto yonse. Kuumira pa zinthu zazing'ono ndiko kumabala mavuto aakulu.

N'chifukwa chake tikuti wogula wanzeru asiye padera ndalama yokwanira matayala anayi, sevisi yoyamba ndi inshulansi ya chaka chathunthu. Ngati ndalamayo sikutsala, ndiye kuti nthawi yogula sinakwane. Tikuchenjezanso mwamphamvu za kugula galimoto ndi ndalama ya katapila. Ngakhale ya banki mkhonde inakonzedwera malonda ozungulira msanga, obweza pa milungu yochepa, pamene galimoto imayamba yadya isanabweze kanthu. Choopsa koposa ndi kugulitsa munda wa makolo. Munda umadyetsa ana ndi zidzukulu, pamene galimoto yakale imatsika mphamvu chaka ndi chaka mpaka kusanduka chisa cha nkhuku kuseri kwa nyumba.

Kuiyeza

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto yotsukidwa bwino, yonunkhira, ya wailesi yolira mokweza imatseka maso a wogula. Tipite ndi makaniko amene tamusankha ndi kumulipira ife eni, osati amene wabwera ndi wogulitsa. Tipemphe kuiona m'mawa injini isanalizidwe, pakuti injini yotentha imabisa matenda. Utsi wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti injini ikutentha oyilo. Utsi woyera wambiri umene sukutha injini itatentha umasonyeza kuti madzi akulowa mosayenera. Titsekule chivindikiro cha oyilo: tikapeza zoyera ngati chambiko, tidziwe kuti madzi ndi oyilo zasakanikirana. Makaniko alowe pansi aone dzimbiri, poti kumadera ozizira a ku Japan amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, ndipo mcherewo umadya chitsulo. Ngati galimotoyo inali kale kuno, tinyamule makapeti tione ngati mulibe matope ouma, pakumbukira kuti mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anamiza katundu wambiri mu Blantyre, ndipo galimoto yomira imavuta mawaya mpaka kalekale.

Makilomita olembedwa pa wotchi tisawakhulupirire okha. Galimoto ya zaka 15 yosonyeza makilomita 60,000 ndiye kuti inkayenda makilomita 4,000 okha pa chaka. N'zotheka, koma chiwongolero, mpando wa woyendetsa ndi mphira wa pa buleki zichitire umboni. Ngati zimenezi zatha ndi kusalala, n'kutheka kuti wotchiyo inabwezedwa m'mbuyo. Pomaliza tiiyendetse, pa phula ndi pa fumbi pomwe, wailesi itazimitsidwa, kuti timve kulira kulikonse. Wogulitsa amene akukana zimenezi, kapena amene akutifulumizitsa ponena kuti wina akubwera ndi ndalama masana, watiuza kale zimene tiyenera kudziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mapepala

Galimoto yabwino ya mapepala oipa ndi msampha. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zimene zalembedwa pa bulubuku, ndipo dzina la pa bulubuku lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akugulitsa. Tikauzidwa kuti mwini wake ali kunja, kapena kuti galimotoyi ndi ya malemu, tiime kaye mpaka titaona kalata yovomerezeka yomupatsa munthuyo mphamvu yogulitsa; katundu wa amasiye wagulitsidwapo motere ana akuona. Tifunse umboni woti msonkho unalipidwa, tifunsenso apolisi ngati galimotoyo siyobedwa, ndipo tionetsetse kuti sinaikidwe chikole pa ngongole ina. Pangano lilembedwe, mboni zisayine, ndipo ndalama idutse ku banki kuti pakhale umboni. Kusintha umwini kuchitike nthawi yomweyo, wogula ndi wogulitsa apitire limodzi ku Road Traffic, osadalira madobadoba oima pa chipata. Galimoto ikachita ngozi ikadali m'dzina la wina, mlandu umasokonekera, ndipo anthu amene anali abwenzi amakathera ku khoti.

Oitanitsa okha kuchokera kunja asamale ndi akuba a pa intaneti, amene amatsanzira masamba a makampani odziwika ndi kutumiza nambala ya akaunti yabodza. Mtengo wotsika modabwitsa, wolengezedwa pa Facebook kapena pa WhatsApp ndi munthu wosaoneka nkhope, ukhale chenjezo.

Pamene nkhaniyi ikhudza chikumbumtima

Achinyamata ambiri amagula galimoto zotere ndi cholinga chonyamula anthu, pakati pa Lunzu ndi Lirangwe kapena pakati pa Kameza ndi Chileka. Ntchitoyi ndi yolemekezeka ikachitika mwa dongosolo lake. Koma ngongole ikamafinya, woyendetsa amayamba kuika anthu awiri pa mpando wa kutsogolo, anayi kapena asanu kumbuyo, matumba a chimanga mu buti. Mabuleki amene anapangidwira anthu asanu amafuna mtunda wautali kuti aimitse katundu wotere, ndipo tayala lakutha lolemedwa limaphulika pa phula lotentha la mwezi wa Okutobala. Lamulo la dziko limafuna kuti galimoto yonyamula anthu olipira ikhale ndi nambala yofiira, chilolezo chake ndi inshulansi yoyenera. Inshulansi ya galimoto ya pakhomo sikonzedwera okwera olipira, choncho ngozi ikachitika ovulala ndi amasiye akhoza kutsala manja ali m'khosi. Lamulo lachisanu la Mulungu silikhudza wogwira mpeni yekha; limafikanso kwa amene akudziwa kuti mabuleki ake atha koma akuitanirabe anthu kuti akwere. Ngati phindu la galimoto likutuluka pokhapokha titapanikiza anthu, ndiye kuti masamu athu analakwika pa chiyambi.

Tikumbukirenso kuti wogula wa lero ndiye wogulitsa wa mawa. Tsiku lidzafika pamene ifenso tidzafuna kuitaya galimotoyo, giyabokosi itayamba kugwedeza, injini itayamba kumwa oyilo. Pamenepo padzabwera mnyamata wina, mwina wa mumphakati wathu womwe, atanyamula ndalama imene wasunga zaka zitatu. Kuthira oyilo wokhuthala kuti injini isamveke kulira, kubweza wotchi, kapena kungokhala chete pa vuto limene tikulidziwa, zonsezi zimaphwanya lamulo lachisanu ndi chiwiri ndi lachisanu ndi chitatu, ngakhale anthu azitcha kuchenjera pa malonda. Wogulitsa woona amanena vutolo, amatsitsa mtengo moyenera, ndipo Lamulungu lotsatira amatha kupatsana moni wa mtendere ndi wogulayo osagwetsa nkhope.

Ena adzati tikuopseza achinyamata, ndipo kuti amene amawerengera kwambiri sagula kanthu. N'zoona kuti palibe galimoto yakale yopanda chilema, ndipo amene akufuna yangwiro adzayenda pansi mpaka ukalamba. Sitikuletsa kugula. Tikupempha kuti chilemacho tichidziwe tisanapereke ndalama, ndipo tikhale ndi mphamvu yochikonzera. Mphunzitsi wokhala pafupi ndi phula, wa malipiro a mwezi ndi mwezi ndi kandalama kapadera, Belta kapena Tiida yosamalidwa bwino idzamutumikira zaka zambiri. Mlimi wa kutali ndi msewu, wofuna kunyamula zokolola, mwina chimene akusowa ndi ngolo, njinga yamoto, kapena kudikira chaka china kuti adzagule galimoto yokwera. Kudikira si manyazi, ndipo kukwera minibasi ulibe ngongole n'kopepuka kuposa kuyendetsa galimoto uku ukuzemba okongoza.

Sabata ino, amene ali ndi maganizo ogula atenge pepala ndi cholembera, akhale pansi ndi akunyumba kwawo kapena makolo awo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Alembe mtengo wogulira, msonkho, mapepala, mafuta a mwezi umodzi, matayala ndi sevisi; mbali inayo alembe zimene amapeza pa mwezi atachotsa chakudya, fizi ya ana ndi feteleza. Akatero akafunse eni galimoto awiri kapena atatu a m'dera lawo zimene anawononga chaka chatha, kenaka ndiye akayambe kuyang'ana galimoto.

Tikufunirani sabata yabwino, ndipo muyende bwino pa msewu.