Ndalama za CDF Ziyambe ndi Madzi

Alimi anzanga, mu 2021 dera lililonse la phungu linkalandira K1.6 miliyoni ya CDF. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inavomereza K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 ndalamazi zinafika pa K36.1 miliyoni. Ife a ku Kanakantapa tiyenera kufunsa kuti, mwa ndalama zonsezi, ndi zingati zimene zafika kumunda?

Makalasi, madesiki ndi zipatala n'zofunika, sinditsutsa. Koma tisaiwale chaka cha 2024, pamene chimanga chinauma chisanabereke, mpaka pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Amene anali ndi dimba la madzi anadya, nagulitsanso ndiwo ku Lusaka. Amene anadalira mvula yokha anagulitsa mbuzi kuti apeze ufa. Mwana wogona ndi njala sapindula ndi desiki latsopano.

Motero khonsolo ya Chongwe ndi phungu wathu aike madzi a ulimi patsogolo: madamu aang'ono, zitsime zakuya zokhala ndi mapampu oyendera dzuwa, ndi mapaipi ofikitsa madziwo kumadimba.

Komatu ndalamazi sizitsata anthu okhala chete. Ntchito za CDF zimayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi, ndipo kumeneko n'kumene alimi timasowa. Inu amene munaphunzira pano, pitani kumsonkhano ndi pempho lolembedwa: malo a chitsime, mabanja amene adzathirira, ndi amene adzasamalira pampu ikawonongeka. Tikapanda kulemba ife, ena adzalemba zawo.