Phunziro la Jenda Liyesedwe pa Mayeso a Fomu 4

M'sukulu za sekondale m'Malaŵi nkhani za jenda zimangopatsidwa kachigawo m'maphunziro a Life Skills ndi Social Studies. Nthaŵi ikachepa, kachigawo kameneka ndiko kamayamba kudumphidwa. Akatswiri okonza silabasi ku Malawi Institute of Education, ku Domasi, ayenera kuchotsa manyazi ameneŵa pokonza phunziro loima palokha la mbiri ndi ufulu wa amayi.

Alipo ena amene amati phunziro lotere nlachilendo ndipo lidzasokoneza chikhalidwe. Anthu ameneŵa saidziŵa mbiri ya dziko lawo lomwe. Kodi Makeŵana, amene ankatsogolera Acheŵa popempha mvula ku kachisi wa ku Msinja, anachokera kutsidya kwa nyanja? Nanga Rose Chibambo, amene atsamunda anamtsekera m'ndende ya Zomba mu 1959 ali ndi khanda m'manja, anali mlendo? Vera Chirwa, mayi woyamba kukhala loya m'dziko muno, anamangidwa mu 1981 natuluka mu 1993. Gawo loyamba la phunziroli likhale la amayi otereŵa, kuti mwana wogwira ndalama ya K200 adziŵe chimene nkhope ya Mayi Chibambo inaikidwirapo.

Gawo lachiŵiri likhale la malamulo. Kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha pathupi kubwereranso m'kalasi. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loletsa kusala munthu chifukwa choti ndi mkazi kapena mwamuna. Lamulo la maukwati la 2015 linati munthu asaloŵe m'banja asanakwanitse zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Koma lamulo logona m'mabuku ku Lilongwe silingapulumutse mtsikana wa Fomu 2 amene atsibweni ake amupezera kale mwamuna. Lingampulumutse pokhapokha iye, alongo ake ndi aphunzitsi ake atalidziŵa.

Phunziroli lisakhale la atsikana okha. Amene amapereka pathupi, amene amamenya mkazi, ndi amene maŵa adzakhale mfumu yoweruza milandu ya m'banja, kaŵirikaŵiri ndi mnyamata amene lero ali pa desiki. Iyeyu ayenera kukhala pansi pamodzi ndi atsikana nkusanthula mawu onga akuti “mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda,” naona amene amalira mawuwo akatsatidwa. Chinamwali, chikamwini ndi chitengwa zikambidwe mosabisa, chabwino chiyamikidwe, choipa chitchulidwe dzina. M'mera mpoyamba.

Ena amadandaula kuti aphunzitsi ndi ochepa. Nzoona, koma aphunzitsi a History ndi Social Studies alipo kale, ndipo makoleji onga Domasi College of Education angathe kuwasula. Chosoŵa chenicheni ndi kufuna.

Chachikulu pa zonse nchakuti bungwe la MANEB liyese phunziroli pa mayeso a MSCE. Aliyense amene anapondako ku sekondale amadziŵa kuti phunziro losayesedwa limasanduka nthaŵi yosesa pabwalo ndi yolemba manotsi a Biology. Unduna wa Zamaphunziro ukapitiriza kuzisiya nkhanizi m'kachigawo kodumphidwa, udzakhala ukuuza atsikana kuti ufulu wawo ndi nkhani ya nthaŵi yotsala.