Achedwe a kernel, koma zigamba zifike pa foni zathu

Mkati mwa foni iliyonse ya Android muli kernel ya Linux, pulogalamu imene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991. Ndi iyo imene imagawira mapulogalamu ena onse memory ndi nthawi ya purosesa. Amalawi a ku Bellville timayenda nayo m'thumba tsiku lonse. Timatumizira ndalama kumudzi pa Mukuru, timamvera za maliro pa WhatsApp, timasungamo chithunzi cha pasipoti. Komatu tikamagula foni mu Voortrekker Road timangofunsa za kamera ndi batire.

Pali achinyamata ena ophunzira zamakompyuta amene amadandaula kuti akuluakulu osamalira kernel ndi ouma mitu, amakana zinthu zatsopano, amachedwetsa chitukuko. Ine ndikuti achedwe ndithu, ndipo chifukwa chake chikuoneka bwino pa kachigawo kamodzi kotchedwa scheduler.

Ntchito ya scheduler ikufanana ndi ya mashala wa pa renki ya matekisi ku Bellville: ndiye amanena kuti tsopano inyamuke iyi, iyo idikire. Imachita zimenezi kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo pamene ikusankha imakhala itatseka mzere wonse ndi loko, palibe woisokoneza. Tsono tiyerekeze kuti pa nthawi yomweyo ikufuna kuwerenga kapena kulemba kanthu mu memory ya pulogalamu wamba. Kachidutswa ka memory kameneko mwina sikali mu RAM, kanasunthidwira kwina. Kuti kabwere pamafunika kudikira, ndipo mu kernel kudikira kumatanthauza kugona kenako n'kupempha scheduler kuti ipatse wina mpata. Koma scheduler yomweyo ndi imene yagona itagwira loko. Renki yonse yaima. Amene anaonapo uthenga woti "BUG: scheduling while atomic" pa kompyuta akudziwa mathero ake.

Vuto lachiwiri ndi loipa kwambiri. Memory imeneyo mwini wake ndi pulogalamu, ndipo pulogalamu ikhoza kukhala ya wakuba. Kernel ikawerenga nambala, n'kuikhulupirira, kenako n'kubwereranso kudzaigwiritsa ntchito, mwiniwake angakhale ataisintha kale pakati pomwepo. N'chifukwa chake maloko a futex, amene analowa mu Linux cha mu 2002, amayerekeza ndi kusintha nambala pa sitepe imodzi yosagawika.

Njira zozembera zilipo, ndipo zonse ndi zodzichepetsa. Ina ndi kuyesa kuwerenga utaletsa kudikira, zikakanika n'kungovomera kuti zakanika. Ina ndi kukhomerera kachidutswa ka memory kuti kasachoke mu RAM. Ina ndi imene rseq ya Mathieu Desnoyers inatsata pamene inalowa mu Linux 4.18 mu 2018: scheduler imangoika chizindikiro, ndipo kulembako kumachitika pambuyo pake, kernel ikamabwerera kwa pulogalamu, loko itamasulidwa. Mu 2021 Peter Oskolkov wa ku Google anabweretsa UMCG, yofuna kuti mapulogalamu azidzigawira okha nthawi ya purosesa mothandizana ndi kernel. Anthu anakambirana kwa miyezi, funso lomweli la kukhudza memory ya pulogalamu lili pakati, ndipo UMCG sinalandiridwe. Google ndi kampani yaikulu, koma inauzidwa kuti ibwerere ikakonze. Zimenezi ndimazilemekeza.

Amene akuona ngati uku n'kukokomeza akumbukire Dirty COW. Mu Okutobala 2016 kunadziwika kuti kernel inali ndi chilema chofanana ndi vuto lachiwiri lija, pa kasamalidwe ka memory, ndipo chinakhalamo zaka pafupifupi 9. Pulogalamu wamba inkatha kulemba pamalo oletsedwa n'kulanda ulamuliro wa makina onse. Chigamba chinatuluka msanga. Komabe mu 2017 akatswiri a Trend Micro anapeza pulogalamu yoipa yotchedwa ZNIU ikugwiritsabe ntchito chilemachi pa mafoni a Android.

Apa ndi pamene mtima wanga umapweteka. Anthu a kernel amakangana usiku ndi usana pa mizere khumi ya code, amakonza, amatulutsa chigamba kwaulere. Chigambacho chimayenera kudutsa kwa wopanga chip, kwa wopanga foni, nthawi zina kwa kampani ya netiweki, ndipo pa mafoni otchipa chimafera panjira. Wogula Pixel 8 kapena Galaxy S24 analonjezedwa ma update a zaka 7. Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Durbanville, amene wasunga miyezi itatu kuti agule foni ya sekondi handi, sanalonjezedwe kalikonse, ndipo palibe amene anamuuza. Iye ndi amene ndalama yake ya lendi ndi fizi ya ana imadutsa pa foniyo. Tsegulani Settings, pitani pa About phone, muone deti limene lalembedwa pa security update. Ngati ndi la zaka zitatu zapitazo, zilema zambiri zimene zapezeka kuchokera tsikulo mukuyenda nazo.

Ena adzati foni yotchipa singakhale ndi zonse. Ndi zoona pa kamera. Pa chitetezo ayi, chifukwa ntchito yovuta inachitika kale, chatsala ndi kungoifikitsa. Mayiko a European Union anaika lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu Juni 2025, lokakamiza opanga mafoni kupereka ma update kwa zaka zosachepera 5 mtunduwo utasiya kugulitsidwa. Luso lomvetsa zimenezi si lachilendo kuno. Pa kampasi ya yunivesite ya CPUT ku Bellville konkuno ophunzira anamanga setilaiti ya ZACUBE-1 imene inaulutsidwa mu Novembala 2013, ndipo EC2 ya Amazon inapangidwa ndi gulu la ku Cape Town.

ICASA imavomereza mtundu uliwonse wa foni usanagulitsidwe mu South Africa, monga MACRA ichitira kwathu. Mabungwe awiriwa alamule kuti pa katoni ya foni iliyonse palembedwe chaka chimene ma update adzasiye kubwera, ndipo foni yopanda deti limenelo isapatsidwe chilolezo.