A landilodi, ma burglar bar tawaona. Nanga alamu ili kuti?

Atsikana anzanga, June akafika, mbaula zimayamba kulowa m'nyumba. Tiyeni tikambirane funso lomwe sitifunsa tikamasaka nyumba ya lendi.

Ukapita kokaona nyumba, kaya ku Area 25, ku Chilomoni kapena ku Zolozolo, a landilodi amakuyendetsa monyadira: onani mpanda, onani geti, mawindo onse ali ndi ma burglar bar, chitseko ndi chachitsulo. Iwe n'kugwedeza mutu, n'kulipira miyezi itatu. Koma tayesa kufunsa kuti, "Moto ukabuka tili mtulo, chotidzutsa n'chiyani? Titulukira pati?" Akuyang'ana ngati ukuwalodza.

M'matauni mwathu mawu oti chitetezo amatanthauza wakuba basi. Pali ndalama ya waya wamagetsi, ya makamera, ya alonda, ya agalu. Zonsezo zikulondera TV ndi filiji. Kachipangizo kolondera mpweya womwe tikupuma ife eni ake, komwe n'kotchipa kuposa chitseko chachitsulo chija, palibe akukatchula. Ndipo zitsulo zomwe zimatsekera wakuba kunja ndi zomwezo zimatitsekera ife m'kati.

Adani ake ndi awiri. Woyamba ndi utsi wa moto: kandulo yomwe tayatsa magetsi atathima, waya wolumikizidwa mwachinyengo kudenga, hotplate yomwe yaiwalika. Pa ngozi za moto wa m'nyumba anthu ambiri amaphedwa ndi utsi malawi asanawafike, ndipo munthu ali mtulo sadzuka ndi fungo.

Wachiwiri ndi carbon monoxide. Mpweya uwu umatuluka makala, nkhuni, gasi kapena petulo zikamayaka pamalo posadutsa mphepo. Ulibe fungo, suoneka, sukhetsa misozi ngati utsi wa nkhuni. Ukalowa m'magazi umamatirira pamalo pa oxygen ndi mphamvu yoposa ka 200, thupi n'kuyamba kubanika mwakachetechete. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndiye munthu amangoti, "Mwina ndi malungo, mawa ndikayezetsa," n'kufunda bulangeti. Zija timati makala akafiira utsi watha ndiye palibe vuto, ndi bodza. Makala ofiira bwinobwino akutulutsabe mpweyawu. Jenereta yolizidwa mu kolido kapena mu galaja yotseka poopa akuba imachitanso chimodzimodzi.

Ndiye tafunsani kuti amakhala pafupi ndi mbaula ndi ndani. Ndi mayi yemwe ali m'chikuta, akuopa kuti khanda lizizidwa. Ndi mtsikana wantchito wogona kukhitchini komwe mbaula yasiyidwa ikuzirala. Ndi wophunzira wa ku koleji yemwe chipinda chake chimodzi ndi khitchini, chogona komanso chowerengeramo. Ndi mayi woyembekezera, yemwe mwana wake m'mimba amavulazidwa ndi mpweyawu msanga kuposa iye mwini. Tsoka likachitika, onse amakhala oweruza: "Mayi wosasamala." "Nzimayi wamkulu osadziwa zimenezi?" Palibe wofunsa kuti anamanga chipinda cha kawindo kamodzi kosatsekuka ndi ndani, kapena amene amalandira lendi mwezi ndi mwezi anaikamo chiyani choteteza moyo.

Abale athu a ku Joni akudziwa mtengo wa nyumba zomwe eni ake sazilabadira. Usiku wa pa 31 August 2023, nyumba ya Usindiso ku Marshalltown mu mzinda wa Johannesburg inapsa, anthu 76 anafa, pakati pawo Amalawi anzathu. Kale nyumbayi inali malo othawirako amayi ndi ana ozunzidwa. Bungwe lofufuza lomwe anatsogolera Justice Sisi Khampepe linapeza kuti akuluakulu a mzindawo, omwe ndi eni nyumbayo, ankadziwa kuti ndi yoopsa koma sanachitepo kanthu. Alamu payokha sikanakonza zonse zomwe zinavunda pamenepaja. Koma phunziro lake ndi lomveka: mwini nyumba akanyalanyaza, amafa ndi alendi.

Kwina anasiya kudalira chifundo cha eni nyumba. Ku England, lamulo la mu 2015 limakakamiza landilodi kuika alamu ya utsi pa nsanjika iliyonse ya nyumba yomwe akubwereketsa. Kuyambira pa 1 October 2022, akuyeneranso kuika alamu ya carbon monoxide m'chipinda chilichonse chomwe muli chotenthetsera chokhazikika choyaka moto, monga boiler ya gasi. Wokana kutsatira akhoza kulipitsidwa mpaka mapaundi 5,000. Udindo anauika pa yemwe amadya lendi.

Ndikudziwa ena ayamba kale: "Izo ndi za azungu, kuno timaphikira makala, alamu izingolira tsiku lonse." Ayi asisi. Ku Cape Town kuli kampani yotchedwa Lumkani yomwe inapanga kachipangizo ka m'nyumba za malata zothithikana, momwe anthu amaphikira parafini ndi kuyatsa makandulo. M'malo monunkhiza utsi, kamayeza kufulumira kwa kukwera kwa kutentha, ndipo kamodzi kakalira kamadzutsanso tina ta m'nyumba zoyandikana. Anaganizira osauka ndipo njira inapezeka. Kuno chikusowa ndi anthu oti atiganizire.

Pomwe tikumenyera zimenezo, nazi zoti mudziwe kuti musabetse ndalama.

Alamu ya utsi siimva carbon monoxide, ndipo ya carbon monoxide siimva utsi. Gulani zonse ziwiri, kapena imodzi yolembedwa kuti imagwira ntchito zonsezo.

Simukusowa kampani ya chitetezo yolipira mwezi ndi mwezi. Ya batire, yoima payokha, ndi yokwanira, imagwira ntchito magetsi atathima, ndipo mukasamuka mumanyamula.

Yang'anani chizindikiro. Ya utsi ikhale ndi EN 14604 kapena UL 217, ya carbon monoxide ikhale ndi EN 50291 kapena UL 2034. Zotchipa kwambiri za pa intaneti zopanda dzina la kampani zisiyeni. Alamu yabodza ndi yoipa kuposa kukhala opanda, chifukwa umagona ndi mtima wonse.

Onani deti kumbuyo kwake. Zipangizozi zimakalamba: ya utsi imasinthidwa pakatha zaka 10, ya carbon monoxide zaka 5 mpaka 10 malinga ndi mtundu wake.

Ya utsi imakhala kudenga, mu kolido kapena pafupi ndi kogona, osati pamwamba pa mbaula. Ya carbon monoxide ikhale mita imodzi mpaka atatu kuchoka pa chophikira, kapena kuchipinda chogona pamsinkhu wa pomwe mumapumira. Dinani batani loyesera kamodzi pamwezi.

Sonkhanani pa plot kapena ku banki m'khonde muitanitse pamodzi. Achemwali a ku Joni kapena ku UK akafunsa kuti akutumizireni chiyani, perfume adikire kaye.

Ndipo tamvetsetsani ichi: alamu si chilolezo chogona ndi mbaula. Mbaula itulutsidwe musanagone, jenereta ilire panja kutali ndi mawindo. Kiyi wa chitseko chachitsulo akhale pamalo pomwe ngakhale mwana akhoza kumupeza mumdima. Alamu ikalira, kapena nonse m'nyumba mutu ukukupwetekani nthawi imodzi, tsekulani zitseko, tulukani, pitani kuchipatala. Wokomoka amafunika oxygen, mkaka sumuthandiza.

Koma katundu yenseyu asagwere ife tokha. A landilodi, ngati munakwanitsa kuwotcherera zitsulo mawindo onse, mukhoza kuika alamu ndi kusiya windo limodzi lotsekuka kuchokera m'kati. Makhonsolo a Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, inu mumavomereza mapulani a nyumba: ikani alamu ndi potulukira pa mndandanda wa zofunika, makamaka m'ma hostel a ophunzira. A Malawi Bureau of Standards, tsekani khomo la zabodza. A Nduna ya Zachuma, mu 2022 boma linachotsa msonkho wolowetsera ma pads m'dziko muno amayi atafuula kwa nthawi yaitali. Chitani zomwezo pa zipangizozi.

Inu asisi, nthawi ina mukapita kokaona nyumba, musanafunse za madzi ndi mita ya magetsi, funsani za alamu ndi potulukira. Akaseka, funsaninso. Tumizani uthengawu ku gulu la WhatsApp la pa plot panu, makamaka lija muli a landilodi.