Netiweki ikagwa: wailesi za m'manja zimathandiza pokhapokha zikamamvana

Namondwe wa Freddy atawomba m'chigawo chakummwera mu March 2023, anthu oposa 600 anamwalira. Milatho inakokoloka, magetsi anazima, ndipo m'madera ena a ku Mulanje ndi Phalombe lamya zinasiya kugwira. Izi zinachitika dziko lili pakati polimbana ndi mliri wa kolera. Mvula ikayandikira, funso limabweranso: mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka usiku netiweki kulibe, uthenga ukafika bwanji kuchipatala?

Yankho limodzi ndi wailesi za m'manja zolankhulirana, zomwe ambiri amazitcha "ova ova". Sizifuna mayunitsi kapena nsanja ya kampani ya lamya. Koma kugula kokha sikokwanira, chifukwa wailesi ziwiri zitha kukhala m'mudzi umodzi osamvana.

Vuto loyamba ndi tchanelo. Nambala yomwe mumaiona pa wailesi ndi dzina chabe. Chenicheni ndi frequency yomwe inaikidwa kuseri kwa nambalayo. Mwachitsanzo, wailesi wamba za ku Ulaya za PMR446 zimagwira pa 446 MHz, pomwe za ku America za FRS zimagwira pa 462 ndi 467 MHz. Zonse mutaziika pa tchanelo 3, sizimvana. Chimodzimodzi, wailesi ya VHF yokha singalankhule ndi ya UHF yokha. VHF imapita patali pamalo oyera, pomwe UHF imachita bwino pakati pa nyumba.

Chachiwiri ndi kagwiridwe kake. Pa njira ya simplex, wailesi zimalankhulana zokhazokha pa frequency imodzi, ndipo mawu amafika makilomita ochepa. Phiri likakhala pakati, amathera pomwepo. Pa njira ya repeater, mawu amapita kaye ku makina oikidwa pamalo okwera, omwe amawalandira pa frequency ina n'kuwatumiza pa inanso. Mtunda umakula, koma makinawo akasowa magetsi, onse odalira njirayi amangoti zii. N'chifukwa chake gulu lililonse liyenera kukhala ndi tchanelo ya simplex yothawirako. Palinso kusiyana kwa analog ndi digital: wailesi yomwe ili pa digital singamvane ndi ya analog.

Pa njira zonsezi, amalankhula ndi munthu mmodzi pa nthawi. Mukadina batani la pambali, simukumva anzanu. Batanilo likapanikizika m'chikwama, mwatsekera aliyense pa tchaneloyo. Dinani, dikirani pang'ono, nenani mwachidule, kenako siyani batanilo.

Kwa odzipereka pa zaumoyo, nkhani yaikulu ndi chinsinsi. Wailesi zambiri zili ndi manambala otchedwa CTCSS, omwe ogulitsa amati ndi obisa mawu. Si zoona. Ntchito yake ndi kukutchingirani mawu a magulu ena, koma aliyense amene ali pa frequency yanu ndipo sanaike nambala iliyonse akumva zonse. Musatchule dzina la wodwala limodzi ndi matenda ake. Nenani mudzi, msinkhu ndi thandizo lomwe likufunika.

Tsono phunziro la Freddy ndi lakuti mgwirizano uyenera kutsogola, zipangizo pambuyo. Bungwe limodzi likapatsa komiti ya m'mudzi wailesi za mtundu wina, lina n'kupatsa chipatala za mtundu winanso, ndalama zimalowa m'madzi. Amene amagawa ma frequency ndi kupereka ziphaso m'dziko muno ndi bungwe la MACRA, choncho funsani kumeneko musanagule.

Mvula isanagwe, makomiti, alangizi a zaumoyo ndi chipatala agwirizane tchanelo imodzi yoitanirana, ailembe pa pepala lomatidwa kuseri kwa wailesi iliyonse, ndipo aziyesa kamodzi pa sabata. Mabatire akhale odzadza, ndi sola yotchajira pafupi. Makolo nawonso adziwe kuti wailesi ya m'mudzi mwawo imasungidwa ndi ndani, komanso khomo loti akagogode usiku.