Webusaiti yanu inalembedwa m'dzina la ndani?

Mlendo wa ku London amene afuna kuona anyalugwe ku South Luangwa amayamba wafufuza pa intaneti asanakwele ndeke ya ku Mfuwe. Ndiye cifukwa cake anzathu a ku Mambwe amene ali na magesitihausi, amayendetsa alendo kapena kugulitsa zosemasema, amalipila anyamata a makompyuta ku Chipata na ku Lusaka kuti awapangile mawebusaiti. Ife tikuti musanatumize ndalama pa foni, funsani: dzina la webusaiti, lija amati domain, lilembedwa m'dzina la ndani?

Domain sitigula, timacita lendi caka na caka, ndipo amene analembedwa monga registrant ndiye ali na mphamvu. Wopanga webusaiti akalemba dzina lake na imelo yake, ninshi mwamanga nyumba pa puloti ya mwini. Mukayambana naye, kapena akangosintha nambala, maimelo a alendo aleka kufika, ndipo zikwangwani zimene munalembetsa zasanduka nkhuni.

Malamulo alipo, koma amene anawalemba sanaganizile munthu wa kwa Kakumbi. ICANN, bungwe la ku Los Angeles loyang'anila maina monga .com, inalamula mu 2013 kuti ogulitsa maina azicenjeza mwini kukatsala mwezi umodzi, na kukatsala sabata imodzi, kuti lendi ithe. Dzina likafufutidwa, pali masiku 30 oliombola. Koma cenjezo ipita ku imelo ya registrant, inu osadziwa kanthu. Mukati mukasume ku WIPO ku Geneva, mtengo uyambila pa madola 1,500, ndipo afuna umboni wakuti dzinalo ni cizindikilo ca malonda anu. Ni wosema uti angakwanitse?

Opanga mawebusaiti adzati: makasitomala alibe khadi la kubanki, timawathandiza. Thandizani ndithu, lipilani na khadi lanu, koma pa fomu pali malo a wosamalila za makina. Dzina lanu liikeni pamenepo. Kalipentala amene wakhoma citseko sasunga makiyi a nyumba.

Kuno kwathu .zm ili m'manja mwa ZICTA kuyambila mu 2014, ndipo CCPC ili na lamulo la mu 2010 loteteza ogula. Tifuna mabungwe awiliwa agwilizane pa zinthu zitatu. Aliyense wogulitsa domain mu Zambia azilemba kasitomala monga mwini na kumupatsa lisiti loonetsa tsiku limene lendi idzatha. Mtengo wa caka caciwili uzichulidwa mu kwacha pa tsiku loyamba. Madandaulo azilandilidwa m'Cinyanja pa foni, ndipo njila yake ilengezedwe pa mawailesi monga Breeze FM.

Ife amene tili m'tauni ndise timauza abale kumudzi kuti apange webusaiti. Tiyeni tiwatumile foni alendo asanayambe kuculuka mu June, afunse pasiwedi na lisiti. Wopanga webusaiti akayamba kuzengeleza, yankho mwaipeza kale.