Bowa Si Ndiwo ya Umphawi

Mvula ikagwa m'boma la Mwanza, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi, amayi ndi ana amalawirira kutchire kukazula bowa. Ena amapeza utale pa chulu, ena ndelema ndi manyame pansi pa mitengo ya msuku ndi mombo. Komabe alipo anthu amene amanyoza bowa ponena kuti ndi ndiwo ya munthu wosowa nyama. Maganizo otere ndi olakwika.

Nzoona kuti bowa wamuwisi ndi madzi okhaokha pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10. Koma m'gawo lotsalalo muli timitsitsi tolimba ta mitundu iwiri. Wina umatchedwa beta-glucan, ndipo wina ndi chitin, womwenso umapezeka m'khungu la ngumbi. Chifu ndi matumbo aang'ono satha kugaya timitsitsi timeneti kwenikweni, kotero timafika m'matumbo aakulu tisanaphwanyike.

M'matumbo aakulumo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tochuluka zedi. Si tizilombo tonse timene timadwalitsa munthu ayi. Tambiri ndi tothandiza, ndipo chakudya chake ndi zomwe mimba yalephera kugayazo. Tikamadya timitsitsi ta bowa timatulutsa timadzi tina tomwe timadyetsa khungu lam'kati mwa matumbo kuti likhale lolimba. Timitsitsito timathandizanso kuti munthu asadzimbidwe. Nsima ya ufa woyera payokha siipatsa tizilomboti chakudya chokwanira. Choncho mayi amene wathira nsinjiro m'bowa, naikapo masamba ndi nsima ya mgaiwa, wasamala banja lake bwino.

Izi sizitanthauza kuti bowa ndi mankhwala. Wodwala m'mimba ayenera kupita kuchipatala. Bowa aphikidwenso mpaka kupsa, ndipo wotsala afutsidwe kuti adzathandize m'chilimwe.

Chenjezo lalikulu ndi lakuti bowa wina amapha. Kuphika kapena kuyanika sikuchotsa poizoni wa bowa woopsa kwambiri. Munthu angathe kukhala bwinobwino kwa maola 6 ngakhale kupitirira apo, kenaka nkuyamba kusanza ndi kutsegula m'mimba pamene chiwindi chikuonongeka. Wotereyu atengeredwe kuchipatala msanga pamodzi ndi onse amene anadya naye, ndipo bowa wotsalayo anyamulidwenso. Mwana asazule bowa popanda wamkulu womudziwa bwino, ndipo bowa wokayikitsa asiyidwe kutchire komweko.

Pomaliza, ndelema ndi manyame samera pamalo opanda mitengo, chifukwa amadalira mizu ya mitengo yachilengedwe. Wodula mitengo m'nkhalango ya Thambani kuti aotche makala amapeza ndalama za tsiku limodzi, koma amalanda mudzi wonse ndiwo ya zaka zambiri. Mafumu ndi anthu awo ateteze nkhalangozi ngati afuna kuti zidzukulu zawo zidzalawe bowa.